Madzi a m'Batire

Pali chinthu chimodzi chimene Tamiwe sanauzepo munthu: batire la sola la atate ake analipha ndi iyeyo.

Patatha masiku atatu chiikire maliro, katundu wa malemu atate akewo, a Bonifasi, anayalidwa pamphasa pakhonde. Njinga, makasu awiri, jekete la kutchalitchi, ndi batire lija, fumbi lili mbuu. Panelo anali atalitsitsa kale padenga.

"Paneloli ndinyamula ine," anatero a Enoch, mng'ono wawo wa malemu. "Ku Chipata magetsi akungothimathima, ogula sasowa." Analigunda batire ndi nsapato. "Ichi ndiye chinyalala. Munthu wamkulu kupusitsidwa ndi wamushopu."

"Ndinawaletsa ine, alamu," anayankha a Sesiliya, amake a Tamiwe, maso ali pansi. "Matumba asanu a mtedza. Amati tisiya kugula makandulo, tisiya kulipira potchajitsa foni. Silinathe ndi chaka chomwe. Amuna anga anali osamva."

Tamiwe ankapotokola nsonga ya chitenje.

Chaka chatha, akukonzekera mayeso a giledi 12, anaona kuti madzi a m'batire atsika. Botolo la madzi ake ogula kushopu linali litatha. Poopa kuti nyale imuzimira, anatunga a pamjigo, amchere aja, n'kuthira m'mabowo onse. Anachita zimenezi katatu. Posakhalitsa nyale inayamba kuzima ola lisanakwane.

Atate ake anatsegula batire, n'kusuzumira m'kati nthawi yaitali. Anayang'ana kapu yonyowa imene inali pambali, kenako anayang'ana Tamiwe, kamodzi kokha. Kwa akazi awo anakanena kuti anagula lachabe. Anakalipiridwa mwezi wathunthu.

A Enoch atamangirira panelo panjinga n'kunyamuka, a Sesiliya anati, "Chotsa bokosi limakhalamo chinthucho. Likunditopetsa m'maso."

Tamiwe analowa m'nyumba n'kukoka bokosilo pakona. Kuseri kwake kunali botolo la madzi a batire, latsopano, losatsegula. Papepala lake panali zilembo zopendekera za atate ake: *Tamiwe, tikagula lina, uzithira awa.*

Anakhala pansi pomwepo, botolo lili pamiyendo. Kunja nkhuku zinkapalasa pamene panali mphasa.

Atatuluka anapeza amake akupinda jekete, akulipindanso, ngati silikupindika bwino. Anagwada pafupi nawo n'kuika botolo pa mawondo awo.

"N'chiyani ichi?"

"Werengani, amama."

A Sesiliya anawerenga pang'onopang'ono. Anatukula maso.

Mawu a Tamiwe anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Atate sanapusitsidwe ndi munthu, amama. Batire linali labwinobwino. Ndinathiramo madzi a pamjigo ndine. Iwo ankadziwa."