Injini Ili Pakati

Nditatsegula boneti ya galimoto ya a Bruce, ndinasuzumira m'kati kawiri. Munalibe injini. Munali bulangete lakale ndi kangaude basi.

A Bruce ndi agogo amene ndimawasamalira kunyumba kwawo ku Hillhead, kuno kudziko la azungu. Amaiwalaiwala. Dzina la mwana wawo Jennifer limawathawa, langa loti Ndapile ndiye musanene, koma kagalimoto kawo kofiira ka ku Italy, Fiat X1/9, sakaiwala. Kamakhala m'galaja kuseri kwa nyumba, ndipo kiyi wa galajayo Jennifer anapatsa ine poopa kuti bambo ake angatuluke nako pamsewu. M'mawa umenewo agogowo anandiumiriza kuti ndikaone ngati mbewa zalowa mu injini. Ndinapita kuti angondipatsa mtendere.

Tsono injini yathunthu isowe, kiyi ali m'thumba mwanga, akaloza ndani? Doris, amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere, anamuchotsa chifukwa cha wotchi imene a Bruce anati waba. Wotchiyo inapezeka m'firiji Doris atafika kale kwawo ku Mulanje. Viza yanga ili m'manja mwa kampani yomweyo imene inamulemba ntchito n'kumuchotsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinaimbira amuna anga.

"Bambo a Penjani, injini mulibe muno!"

"Musapanike, mayi a Penjani. Tachekani kumbuyo, magalimoto ena injini imakhala kumeneko."

Ndinatsegula kumbuyo. Namonso munali mbee.

"Eee, ndiye aba imeneyo," anatero. "Tsekani, musagwirenso chilichonse. Ndipo musauze munthu, mwamva?"

Kubisa zinthu ine sindimatha. Ndinalowa m'nyumba, n'kugwada pafupi ndi mpando wa a Bruce, n'kuwauza kuti injini yasowa koma si ine.

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Chibwerereni ndinali ndisanawamvepo akuseka. Anatenga ndodo yawo, tinayenda pang'onopang'ono mpaka m'galaja. Kuseri kwa mipando iwiri ija kunali kachitseko kakang'ono kamene ine ndinkayesa chokongoletsera. Anakatsegula. Injini inali phee m'menemo, yafumbi koma yathunthu.

"Ili pakati, mwanangu," anatero. Ndipo anayamba kulongosola ngati mphunzitsi, poti ndiyo inali ntchito yawo. Anati opanga magalimoto a mpikisano anaona kuti kulemera kukakhala pakati, galimoto imakhota bwino pakona. Poyamba oterewa ankagula ndi anthu olemera okhaokha, mpaka kanatuluka aka mu 1972, koti ngakhale mphunzitsi akalimbikira n'kugula. Denga lake limachoka, umaliika kutsogolo kuja ndinapeza bulangete. Bulangetelo linali la malemu akazi awo, ankafunda popita kunyanja ya Loch Lomond chifukwa a Bruce ankakana kubwezera denga ngakhale kuzizire chotani.

Ndinaseka nawo, misozi ili m'maso. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinakwiya. Munthu akukumbukira chaka cha galimoto, koma Doris anataya zonse chifukwa cha mutu womwewu.

Anasisita injiniyo kanthawi. Atatembenuka, nkhope inali itasintha. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, maso n'kuima pa kiyi amene anali m'dzanja langa.

"Ndiwe ndani? Ukutani m'galaja mwanga?"

"Ndine Ndapile, a Bruce. Tabwera limodzi."

Anayang'ana boneti ija ndinaisiya yotsegula, mopanda kanthu muja.

"Injini yanga ili kuti?" anakuwa. "Wakuba! Thandizeni, wakuba!"

Ndinaloza kachitseko kaja, koma sanayang'aneko. Pawindo la nyumba yoyandikana nafe katani inasuntha, ndipo mayi wa m'menemo anaika foni kukhutu. Ine ndinangoima pomwepo, kiyi ali m'manja.