Kadontho Kofiira Pansi pa Hambaka

Munthu uja anafika Lachiwiri m'mawa, chipale chofewa chitakwirira msewu wathu mpaka m'mawondo. Anali ataimba foni kawiri, ndipo kawiri konse ndinamuuza kuti za magitala ndinazisiya kalekale, andisiye ndife bwino. Ulendo wachitatu anangotchula dzina lake lonse: Noriaki Kamijo, mwana wa Masae. Apo ndinasowa pothawira.

Ine ndi Masae tinakhala benchi limodzi zaka zisanu ndi zinayi pa fakitale ya magitala kuno ku Matsumoto, ija anaigwetsa n'kuikapo malo oimika magalimoto. Ntchito yathu inali yokulunga mahambaka, tizitsulo tija timakhala pansi pa nsambo za gitala yamagetsi n'kumatola mawu ake. Hambaka limakhala ndi makoyilo awiri ogundizana. Makina amazunguza koyilo, iwe n'kumawongolera ndi zala waya wamkuwa wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo makoyilo awiriwo ayenera kutuluka ofanana ngati mapasa. Masiku ano amuna a imvi amakangana pa intaneti za zinthu zimene ife tinkapanga tikuganiza za ndiwo zamadzulo. Dziko lazondoka ndithu.

Noriaki ndinamuona komaliza pa maliro a mayi ake. Tsopano anali bambo wadazi, wa zaka zopitirira makumi asanu, koma chibwano chinali cha Masae chenicheni. Anavula nsapato, nandipatsa bokosi la makeke a nyemba ndi manja awiri, ndipo tinakhala pansi miyendo titailowetsa kunsi kwa tebulo lofunda. Ndinathira tiyi. Sanamukhudze.

"Mayi Furihata, ndisakutayitseni nthawi," anatero. "Nyumba yathu ija inagulitsidwa ndili kusukulu, katundu yense achibale anataya. Ndilibe kanthu kalikonse kamene dzanja la mayi linagwira. Mwezi wamawa tikuwachitira mwambo wa chikumbutso, ndipo ndikufuna kuika chinthu chawo pa guwa la makolo kunyumba kwanga. Inu nokha ndi amene mwatsala wodziwa."

Anayala kansalu pa tebulo, naikapo mahambaka atatu ndi mita yoyezera makoyilo.

"Awiriwa ali ndi kadontho kofiira kunsi. Mukudziwa kuti a kadontho anthu amawasaka mpaka kutsidya kwa nyanja? Amati amalira ngati munthu wosasa mawu, mwina ngati akudandaula. Ndinawamanga pa gitala imodzi mosinthanasinthana, ndipo ndi zoona, amasiyana ndi enawo. Lachitatuli musalilabadire, linabwera ndi gitala yothyoka khosi. Limalira bwinobwino basi, lilibe nkhani."

"Makutu anga anafa kale, mwana wanga. Ine ndimaona ndi zala."

Ndinatenga loyamba n'kulitembenuza. Sindinachedwe nalo.

"Ili akupusitsa nalo. Taona kadonthoka, kakuwala ngati kapakidwa dzulo, komanso ndi penti wa galimoto. Chidindo cha tsiku n'chowongoka kwambiri. Chathu chinali chodyeka pa nambala seveni. Nanga waya wotulukayu wavala pulasitiki, pamene wathu ankavala ulusi woluka wachitsulo. Wakugulitsa iweyu ndi kathyali, ukampatse moni."

Anaseka pang'ono, mwamanyazi. Ine sindinaseke, chifukwa maso anga anali atagwera kale pa lachiwiri.

Chidindo chinkati Okutobala 1979. Tepi yakuda yokutira koyilo inali yozungulira chobwerera, monga amachitira munthu wamanzere, ndipo nsonga yake inali yopindidwa kakhutu kuti wodzakonza asadzavutike poimatula. Pa fakitale yonse ndi Masae yekha ankachita zimenezo. Ndinagunditsa mita pa koyilo yoyamba, kenako yachiwiri. Manambala anasiyana kutali. Ndipo kunsi, pakona, panali kadontho kofiira koderako, ka mtundu wa nyemba zophika.

Nkhani ya kadonthoko ndi iyi. Chaka chimenecho dzanja la Masae linayamba kunjenjemera. Poyamba ankabisa, akumati ndi kuzizira. Waya unkapita pena mothina pena molendewera, ndipo makoyilo ake anasiya kufanana. Nthawi yomweyo kunamveka zoti achotsa anthu. Kapitawo wathu, a Aruga, anandiitanira kuseri kwa nyumba youmitsira matabwa nandiuza kuti pa benchi lathu pachoka mmodzi. Anati akudziwa kale amene akulakwitsa, koma akufuna umboni. Ndiziyeza ntchito ya Masae iye akapita kotsuka mbale masana, ndipo lililonse lolephera ndiziika chizindikiro kunsi.

Ndinali ndi ana awiri ndi mwamuna wokonda botolo kuposa ntchito. Zimenezi ndimazinena nthawi zonse, ngati kuti Masae analibe mwana, pamene iye anali wamasiye kale. Choko chikanafufutika, choncho ndinagwiritsa ntchito chimene chinali m'thumba la epuloni: kabotolo ka kyutekisi. Kyutekisiyo anandipatsa ndi Masae yemweyo pa chaka chatsopano, akuti, "Iwe Toshie, zala zakozo zikuoneka ngati za mlimi wa mbatata, uzipakako Lamlungu." Milungu isanu ndi umodzi ndinkadya naye mpunga ndi ndiwo zake zamchere, iye akangotembenuka ine n'kumadontheza.

Anamuchotsa Disembala. Ndipo mahambaka olephera aja sanawataye ayi. Maoda a kunja atachuluka, a Aruga anawamanga m'magitala n'kuwatumiza onse. Masae anapita kukasankha maapulo m'mashedi ozizira ndi dzanja lake lonjenjemeralo, ndipo patatha zaka zisanu tinamuika. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi chokha: kuti pomuchotsa mu ofesi anangomuonetsa pepala, ndipo anafa osadziwa zimene ndinachita.

"Ili ndi la mayi ako," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Noriaki anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chikhatho. Kenako anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo.

"Zikomo. Ndinkadziwa. Ndipo kadonthoka ndi kanu, si choncho?"

Ndinaika hambaka lija pa tebulo.

"Wakuuza ndani?"

"Mayi. Tsiku limene anasiya ntchito anabwera kunyumba osalankhula, ndiye ine ndinkawavutitsa ndi mafunso. Anandiuza kuti kapitawo anawayalira thireyi yonse ya ntchito yawo, lililonse lili ndi kadontho ka kyutekisi amene anakupatsani. Anati, 'Mnzanga Toshie ankaika chizindikiro pa zanga zonse zabwino kwambiri, kuti zisasochere pakati pa za anthu ena.' Ndine ndinalemba zimenezi pa intaneti zaka khumi zapitazo. Anthu onse aja amene amasaka kadontho kofiira anamva kwa ine."

Ndiye kuti anaona. Anauzindikira mtundu wake, nanga akanalephera bwanji poti anasankha yekha m'sitolo? Ndipo atachoka pa fakitale ankabwerabe kwathu chilimwe chilichonse ndi thumba la maapulo ogwa, n'kumandifunsa za ana, n'kumaseka. Pa bedi lachipatala anandigwira dzanja. Osatchula ngakhale kamodzi. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo kunena zoona ndinamukwiyiranso Masae, chifukwa akanangonditukwana bwenzi zitatha kale.

Ndikanatha kungogwedeza mutu. Munthuyo akanapita ndi hambaka lake mosangalala, ine n'kudzafa ndili mnzawo wabwino wa mayi ake. Koma chinthu chimenecho chinkapita pa guwa, pafupi ndi chithunzi cha Masae, kuti azichifukizira lubani m'mawa uliwonse. Mlandu suola, akuluakulu ananena.

"Noriaki, tenga mitayo. Yeza wekha."

Anayeza koyilo yoyamba, kenako yachiwiri.

"Ndikudziwa kuti ndi osiyana," anatero. "N'chifukwa chake amalira mokoma chonchija. Mayi ankachita dala."

"Sankachita dala. Dzanja linali litayamba kale kudwala. Pa fakitale kusiyana kotereku kunali kulephera. Kadonthoko sikankatanthauza zabwino kwambiri, kankatanthauza zotaya. Ndinkaika ndine, mobisa, atandituma a Aruga, kuti pa benchi paja pachoke mayi ako, pasachoke ine. Thireyi imene anawayalira ija inali umboni wowachotsera ntchito."

Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Anangoyang'ana kadontho kaja, milomo ikugwedera pang'ono ngati akuwerenga. Panja galimoto yokankha chipale inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

"Ndiye mayi anandinamiza."

"Anakunamiza kuti usadane nane."

"Angati?"

"Chiyani?"

"Madontho. Munaika angati?"

"Sindinawerenge. Thireyi inadzaza."

Anayamba kupinda kansalu kake, manja ali mbwembwembwe, ndipo ndinaona dzanja lamanzerelo likunjenjemera. Sindikudziwa ngati unali mkwiyo chabe kapena matenda a mayi ake aja, sindinafunse. Pofuna kupeza pobisa maso ndinatola hambaka lachitatu lija, lopanda nkhani, n'kulitembenuza.

Chidindo chinkati Meyi 1974. Tepi yozungulira chobwerera. Kakhutu pa nsonga. Ndinagunditsa mita: makoyilo onse awiri nambala imodzimodzi, osasiyana ngakhale pang'ono.

"Dikira," ndinatero. "Ilinso ndi la mayi ako. Taona tepi. Apa dzanja linali lisanayambe. Umu ndi mmene ankakulungira Masae: pa fakitale yonse panalibe womuposa, ngakhale ine. Ukuti limalira bwinobwino basi? Ndiyo inali ntchito imeneyo."

Analilandira n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anagwira kakhutu ka tepi kaja ndi nsonga ya chala, osakamatula. Kenako analikulunga m'kansalu mosamala, naliika m'thumba la mkati la jekete. Lachinyengo lija analiponya m'chikwama ngati mwala. La kadontho analikankhira kwa ine.

"Ili sungani. Waya ndi wa mayi, koma chizindikirocho ndi chanu."

Pakhomo anavala nsapato atandifulatira. Anawerama pang'ono, mwaulemu wa anthu osadziwana, ndipo za mwambo wa chikumbutso uja sanandiuze tsiku. Ndinamuyang'ana akutsetsereka ndi msewu mpaka anakhota pa sitolo ya mankhwala.

Tiyi wake ndinamutaya m'sinki. Makeke aja ndinapatsa aneba, sindikanatha kuwameza. Hambaka lija ndinaliponya m'dirowa la zosokera kuti ndisamalione, koma maginito ake akadali amoyo. Ndikafuna singano ndimapeza zonse zakakamira pamenepo, ndipo kuti ndichotse imodzi ndiyenera kulinyamula n'kulitembenuza, kadontho kaja n'kuonekera.