Wothokoza Chakudya pa Ukwati wa Ingunn

Kwa zaka makumi atatu, pachilumba chonsecho wothokoza chakudya anali Oddvar. Kaya ndi ukwati kaya ndi maliro, anthu sankanyamuka patebulo iye asanaimirire kumapeto kwenikweni n'kutamanda ophika. Atamwalira, palibe anaganizako zoti ntchitoyi aitenge ndani. Anthu ndi otero, bola mimba zakhuta.

Pa ukwati wa mtsikana wina dzina lake Ingunn, Gunvor, mkazi wamasiye wa Oddvar, anasuzumira pepala la olankhula. Mayina analipo khumi ndi limodzi, koma wothokoza chakudya panalibe. Analunjika kwa Torleif, mng'ono wa malemuyo, amene ankayendetsa mwambo.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Tangochotsapo, alamu. Nanga ndani angathe ngati achimwene?"

"Mwachotsapo? Solfrid waima m'khitchini chiyambire dzana ndi mawondo otupa aja. Lolemba akusamukira kwa mwana wake kumzinda wa Bergen, sadzatiphikiranso. Ndiye mudye nkhosa yake n'kungonyambita milomo ngati amphaka? Ndilembeni ine."

Torleif anaseka mpaka kutsokomola. "Inuyo? Paja inu mukatsegula pakamwa ndiye kuti wina walakwa."

"Lembani, musanditayitse nthawi."

Torleif sankadziwa chimene chinkamudya Gunvor mumtima. Maliro a Oddvar atatha, Solfrid ankamubweretsera msuzi wa nsomba tsiku ndi tsiku kwa milungu isanu. Tsiku lina Gunvor anamukalipira pakhomo kuti iye si wodwala, achoke ndi poto wakeyo. Solfrid anaika poto pansi n'kubwerera, mawa lake n'kubweranso ndi wina. Chaka chinali chitatha tsopano, zikomo osatuluka, ndipo pokumana kusitolo Gunvor ankangoyang'ana kumbali.

"Chabwino, mvetserani tsono," anatero Torleif akulemba. "Kuliritsa anthu ndi kwa bambo a mkwatibwi. Kuseketsa ndi kwa anzake a mkwati. Kwanu n'kuthokoza basi. Tchulani zakudya mmene zabwerera patebulo, mphindi zitatu zisapitirire. Sankhani munthu mmodzi muzimuyang'ana. Ndipo chonde, alamu, musatukwane."

Olankhula anayamba. Wina anawerenga mapepala anayi osadzutsa mutu, wina anaimba nyimbo ya ndime khumi ndi ziwiri. Gunvor sanamve kalikonse.

Mbale za keke zitachotsedwa, Torleif anagogoda tambula ndi supuni, holo yonse zii. Gunvor anaimirira, mpando n'kugwera kumbuyo. Anafunafuna munthu woti amuyang'ane, koma amene ankamufunayo munalibe.

"Kamuitaneni Solfrid," anatero. "Sindingathokoze chitseko."

Anakamutenga. Solfrid anaima pakhomo la khitchini, epuloni ili chinyowere, akupukuta manja.

"Msuzi unali wabwino," anayamba Gunvor. "Nkhosa inali yofewa, mbatata zinapsa. Keke sindinadye, mano anga mukuwadziwa." Anthu anaseka, iye anadikira mpaka atasiya. "Mwamuna wanga akanalankhula zokoma, ine sindizitha. Ndinena zimene ndikudziwa. Nonse muli muno munabwera kumaliro, munalankhula bwino, kenako munapita kwanu. Amene anabweranso ndi mmodzi, ndi uyo waima apoyo. Milungu isanu ndinadya za m'manja mwake. Akanapanda iyeyu sindikanadya kanthu, bwenzi pano mutandiika pambali pa Oddvar. Ndiye ine, chitsiru, ndinamuthamangitsa pakhomo panga ngati galu."

Torleif anakweza chala kusonyeza kuti nthawi yatha.

"Tsitsani chalacho, alamu, ndatsala pang'ono." Anatembenukiranso kukhitchini. "Solfrid, iwe, ndinalakwa. Zikomo chifukwa cha chakudya cha lero, zikomonso chifukwa cha chija. Basi, ndamaliza. Kwezani matambula."

Anakweza onse, ena akupukuta m'maso. Mkwatibwi ndiye anayamba kuwomba m'manja, anthu n'kunyamuka patebulo.

Solfrid anabwera akutsimphina, n'kuima kutsogolo kwa Gunvor. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe ngakhale kuthokoza umachita kukalipa," anatero. "Koma ndamva."

"Nanga ndikanatani?"

"Tiye kukhitchini ukakhale pansi. Ndabisa nthiti zofewa, zoti ngakhale iwe ungatafune."

Anagwirana mikono n'kumapita pang'onopang'ono, wina akudandaula mawondo, wina akumuuza kuti ayende bwino asamugwetse.