A Lazalo Akana Paipi

A Lazalo, oyendetsa pampu yothirira tirigu pa famu ina ku Macheke, anawachita opareshoni ya chotupa cha m'munsi mwa mimba. Atatsitsimuka, anapeza nesi Filesi ataima pambali pa bedi lawo.

"Sekuru," anatero nesiyo powalemekeza ngati agogo ake, "amuna a msinkhu wanu akachoka ku opareshoni mkodzo umakonda kutsekeka. Muzimwa madzi pang'onopang'ono, mudzuke muyendeko, ndipo ukakugwirani musausunge. Zikakanika tikuikani paipi."

"Paipi? Pati?"

Nesi anangoloza ndi maso. A Lazalo anakokera bulangete mpaka m'khosi.

Anawapatsa botolo, koma kukodza chogona, wodi yonse ili maso, zinawakanika. Chinena chinayamba kulemera, thukuta lili kamukamu. Pa bedi loyandikana panagona a Sebastiao, mkulu wa ku Tete amene anathyoka mwendo atagwa pa thirakitala, koma pakamwa pali bwinobwino.

"Achimwene, si inu mumathirira munda wonse wa mzungu? Lero kadontho kamodzi kakusowani?"

"Pampu yanga sigwira ntchito pagulu," anayankha a Lazalo atatembenukira kukhoma.

Masana akazi awo, a Lestina, anafika pa basi. Atamva kwa nesi mmene zinthu zinalili, anaika chikwama pansi.

"Bambo a Naomi, popita kusitolo mumapatukira patchire lililonse. Lero mwaumira chiyani? Dzukani."

"Bala lindipweteka."

"Nanga paipiyo idzakusisitani?"

Anadzuka. Pilo atamukanikiza pabala, dzanja lina lili paphewa pa akazi awo, anakhwekhwereza mapazi mpaka kuchimbudzi. A Lestina anatsegula mpopi wa pasinki monga anawauzira nesi, n'kutuluka kukaima pakhomo ngati mlonda. A Lazalo anaimirira m'katimo, akumvetsera madziwo, akudzitonthoza kuti palibe akuwaona. Panapita nthawi. Kenaka zinayamba, modukizadukiza, mpaka thupi lonse linapepuka. Misozi inalengeza m'maso.

Pobwerera anayenda atawongokako msana.

"Zatheka?" anafuula a Sebastiao.

"Funsani amake Naomi."

"Zatheka," anatero a Lestina, "ngakhale phokoso lambiri linali la mpopi."

Wodi yonse inafa nacho chiseko, ndi a Lazalo omwe, atagwira pabala. Nesi anabwera kudzawadina pamimba, napeza pafewa.

"Mwapulumuka, sekuru. Koma madzulo muyendenso."

"Ndiyenda ngakhale mpaka ku tauni ya Ruwa kutali uko, mwanangu, mukangondiuza."