Mawu Amene Mlaliki Sananene

"Kwezani mawu, a Mtchona!" anakuwa mkulu wa mpingo. "Kapena nawonso munawasiya kunja pamodzi ndi tsitsi?"

Anthu anaseka. Mtchona anasendeza maikolofoni kukamwa. Anali atakhala kunja zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mumpingo monse ndi iye yekha amene ankamva chiyankhulo cha mlaliki wachilendo amene anabwera tsikulo. Ndiye anamuimika kutsogolo kuti azimasulira.

Tchalitchi chimene ankachilota ali kunjako chinali china: mabenchi amatabwa, belu losweka, mayi ake akuimba motsalira m'mbuyo mwa anzawo. Koma atabwerera anapeza mipando yapulasitiki, zimkuzamawu zinayi, ndi dengu pafupi ndi guwa, loponyamo mankhwala a anthu amene auzidwa kuti achira. Ankapempherabe, koma ngati munthu wogogoda pakhomo akukayikira kuti mwina eni nyumba anasamuka kalekale.

Pamzere wa odwala panafika mlongo wake wamng'ono, atafumbata botolo la mapiritsi a mtima. Mlaliki anamugwira pamutu, n'kufuula m'chiyankhulo chake kuti wachira, aponye botololo m'dengu pompo.

Mtchona anakumbukira kuti matenda omwewo ndi amene anatenga bambo awo.

"Akuti chiyani, achimwene?" ananong'ona mlongoyo. "Musandibisire."

"Akuti..." Mtchona anakweza mawu pa maikolofoni. "Atero Yehova: mapiritsiwo ndinakupatsa ndine. Uzimwa m'mawa uliwonse, osadumphitsa, kufikira tsiku limene ndidzakuitane."

"Ameni!" Tchalitchi chonse chinagwedezeka. Mlaliki, amene sanatolepo kanthu, anakweza manja mokondwa.

Mtchona anaima chilili, kudikira. Malemba ankawadziwa bwino, ndi zimene amanena za munthu wonamizira Mulungu. Anadikira kuti lilime liume, mawondo alobodoke, kapena mtima umutsutse ngakhale pang'ono pokha. Chilangocho akanachilandira ndi manja awiri, chifukwa mwana akalawa mbama amadziwa kuti pakhomo pali kholo. Sipanachitike kanthu. Chimkuzamawu chimodzi chinangolira tswii, wodwala wina n'kusendera kutsogolo.

Atatuluka, mlongo wake anamugwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Miyezi yonseyi ndimamwa mobisa, kuopa kuti ndikuchimwa. Lero Mulungu wandiyankha, pakamwa panu pomwe! Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Iwe uzingomwa basi."

"Nanga nkhope yagweranji ngati mwaluza mlandu? Madzulo kulinso mapemphero. Akuti odwala abwera ambiri."

"Ndibwera."

Anabweradi. Wodwala aliyense amene anafika kutsogolo anamuuza, m'dzina la Yehova, kuti asasiye mankhwala, ndipo aliyense anavomera ndi Ameni. Pa pemphero lotsekera anthu onse anatsinzina. Iye anayang'ana kumwamba, n'kuona malata, misomali ndi ukonde wa kangaude. Anafuna kupepesa, koma analibe woti amupepese.