Dzuka Iwe

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza kwathu ku Biriwiri. Ndimalemba timapulogalamu ta pakompyuta, koma makina otiyendetsera ndilibe. Timakhala m'makina a kampani ina kutsidya kwa nyanja, ndipo timagona mpaka wina atatiitana. Mlimi akatumiza uthenga pafoni kufunsa za chiwawu cha kachewere, kamodzi kamadzuka, n'kuyankha, n'kugonanso.

Vuto linali kudzukako. Kankachedwa, alimi n'kumadandaula. Ndiye ine, nzeru zitandikwana, ndinalemba kena koti kazikagwedeza m'mawa uliwonse. Mawu ogwedezera ndikanaika alionse, poti makina sadziwa ulemu. Ndinaika akuti: "Dzuka iwe, ulesi basi!"

Ndinaphonya mzere umodzi. Lolemba m'mawa mawuwo sanapite ku pulogalamu, anapita ku mafoni a alimi mazana anayi. Makina amenewa ntchito ikachuluka amadzichulukitsa okha osafunsa munthu. Pomwe ndinkazimitsa n'kuti aliyense atalandira katatu, dzina langa lili m'munsi.

Ambiri anangoseka. Koma pamndandandawo panali apongozi anga, mayi a mkazi wanga Janeti, agogo a mwana wathu Tawina, omwe anakopa kalabu yawo yonse kuti ilembetse. Chikwatirireni sindinawayang'anepo m'maso, tikakumana panjira ndimapatuka. Lero ndawatchula iwe.

Masana tinapita ndi Janeti kukapepesa. Pakhomo sitinawapeze. Tinakawapeza kudimba, kheni yothirira ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Ndinanjuta patali, chipewa chili pabondo.

"Amayi, si mukudwala inu?" anatero Janeti. "Mwadzukiranji?"

"Uwauze bambo a Tawina asadandaule," anayankha akuyang'ana kabichi. "Anena zoona. Masiku anayi ndili gone, mbewu zikuuma. Ine ndimati ndi malungo, kani anthu akuona ulesi."

"Muwauze kuti ndimauza makina," ndinanong'oneza Janeti.

Anawauza. Apongozi anagwedeza mutu mwaulemu, monga achitira munthu akamamva bodza lomuteteza mwana wa eni.

"Makinawo ali ndi dimba?"

Apongozi anawerama kuti atungenso madzi pachitsime, kheni ikunjenjemera, theka n'kutayikira m'miyendo. Janeti anathamanga kukawagwira. Ine ndinadzuka, n'kuima pomwepo. Mkamwini sagwira apongozi.