Tsiku lomwe aNangondo anafunditsidwa chitenje

Laison anakhala pachikamwini kwa Kabudula mpaka mwana wake woyamba kutalika kufika paphewa, koma apongozi ake aNangondo anali asanamupatsebe moni. Akamwini anzake anamasulidwa kalekale, ankachita kuseka ndi apongozi awo pabwalo. Iye ayi. Akangoona mayiwo akubwera, ankalowa m'tchire, chisoso thoo m'miyendo. Mlandu wake? Palibe. ANangondo zinkangowakomera kuona mwamuna wandevu akuthawa.

Ndiye kunabwera aphunzitsi aStephano ndi uthenga. Naomi, mwana wa Elube ndi Laison, analemba nkhani ya dzombe lomwe linadya mapira kale, ndipo pampikisano wa masukulu a mishoni inaposa za anyamata onse. Mphotho yake nyali yagalasi ndi buku. Aphunzitsiwo anati kholo limodzi lidzaime ndi mwanayo kutsogolo polandira.

Limodzi! Pamenepo mpomwe panayakira moto.

"Mbumba ndi yanga iyi," anatero aZakeyo, mlongo wake wa Elube. "Tambala ntchito yake ndi kulira m'mawa, anapiye ndi a mwini khola."

Laison sanayankhe pagulu, mkamwini sakweza mawu. Koma m'nyumba anauza mkazi wake mosapsatira.

"Mwana ndamuyendetsa ndine kusukulu, alamuwo akuti akwatiwe. Ndikapanda kuima naye, ndikupita ku Halale. Mudzalime nawo fodya achimwene anuwo."

Elube anadziwa kuti si nthabwala. Mwamuna wofatsa akalankhula kamodzi, wamanga kale katundu mumtima.

AZakeyo nawo sanali opusa. Tsiku lolandira mphotho anakweza amayi awo panjinga, mayi oti kusukulu anali asanapondeko, n'kukawakhazika pamphasa m'mphepete mwenimweni mwa kanjira kopita kutebulo la mphotho. Laison atafika atavala jekete lobwereka, anangoona mpango wa apongozi, miyendo inakhota yokha. Uyo kuseri kwa mtengo wa bulugamu, khutu lokha likuoneka.

Elube anakhala pafupi ndi amayi ake.

"Amayi, sunthaniko pang'ono, bambo a Naomi adutse."

"Ndisunthe ine? M'chiuno muno mwauma. Auluke."

Ana anaimba, bambo mfumu analankhula Chinyanja chawo chokhotakhota, kenako aphunzitsi anakweza mawu: "Naomi Laison! Abwere ndi bambo ake!"

Naomi anapita kutsogolo, dilesi lochapa ndi sopo wa mtanda, maso akusakasaka. AZakeyo anadzuka, akukonza kolala.

"Ndinu aLaison eti?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndine mwini mbumba."

"Pano palembedwa Laison."

"Ndani anakuuzani kuti mulembe dzina la mlendo?"

Anthu anayamba kuseka chapansipansi. Naomi anayang'ana kwa amayi ake. Elube atacheukira kubulugamu kuja anaona jekete likutembenuka, likuloza njira ya kumudzi.

Basitu. Anamasula chitenje chake chapamwamba, n'kuwafunditsa amayi ake kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, ngati akuvindikira nkhuku yoti igone. Anawagwira mapewa zolimba.

"Iwe Elube! Ndafa kodi ine? Chotsa!"

"Mwambo umati musaonane. Simukuonana. Khalani chete." Ndiye anakuwa, mawu mpaka kumanda kwa azungu: "Bambo a Naomi! Njira ndi iyi, apongozi anu kulibe!"

Bwalo lonse linaphulika. Azimayi nthungululu, ena kugwa chagada ndi phwete. Bambo mfumu anangoti kukamwa yasa, kufunsa aphunzitsi ngati gogoyo wakomoka.

Laison anatulukira. Anayenda pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo, n'kudutsa pafupi ndi mtolo wa chitenje uja osauyang'ana n'komwe. AZakeyo anatsala ali chiimire pakati pa bwalo ngati chitsa chapamunda, mpaka munthu wina anawakoka malaya kuti akhale pansi, akutchinga.

M'chitenjemo aNangondo analeka kuphupha. Ankamva m'manja mukuombedwa, osaona kanthu, ndipo kwa iwo chimenecho chinali chilango choposa imfa.

"Chikuchitika n'chiyani? Wamupatsa?"

"Wamupatsa. Naomi wapereka nyali kwa bambo ake."

"Nanga Zakeyo?"

"Akuyang'ana nsapato zawo."

"Chitsiru, kundinyamula ulendo wonsewu." Anatsonya m'chitenjemo. "Nanga mkamwiniyo akuoneka bwanji? Akunjenjemera eti?"

"Ayi ndithu. Akugwirana chanza ndi mzungu."

"Tsegula pang'ono ndione."

"Mwambo, amayi."

"Mwambo wa amako! Tsegula!"

Elube anatsegula kampata kokwana diso limodzi. Diso lija linamuyang'ana Laison kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Jeketelo ndi la neba wathu Jonas," anatero aNangondo. "Lamuthina m'khwapa."

Mawa lake kusanatenthe, Laison anali kudambo, akupanga mabedi a nazale ya fodya wa chaka chimenecho, akuimba mluzu mokweza kuti alamu ake amve.